Za Woyambitsa Nyimbo mu Mpingo

M'mipingo ya kuno ku Machinga ndi ku Balaka, kuyambira ku Nayuchi kumalire kufikira ku Utale, makwaya achuruka makono kuposa zaka zonse zapitazo. Chalichi chimene makolo athu anachimanga ndi zidina ndi udzu lero chiri ndi makwaya atatu kapena anai, ndipo pena pali kiyibodi, magitala ndi masipika akuru akuru. Ichi nchokondweretsa, ndipo sitinadze kudzachinyoza. Koma pali funso limene sitilimva kawiri kawiri pa misonkhano ya akuru a mpingo, ndilo ili: pamene oimba achuruka chotere, kodi mpingo womwe uli kuimba koposa kale, kapena liu lache liri kuchepa? Ife tiyesa kuti m'malo ambiri liri kuchepa. Ndipo tifuna kuzenga mlandu umenewu poyang'ana nchito ya munthu mmodzi, amene dzina lache sililembedwa pa mndandanda wa maudindo, ndiye woyambitsa nyimbo.

Muyeso wa nchito yache subvuta. Wofuna kudziwa ngati woyambitsa nyimbo aidziwa nchito asakhale pa mpando wa kutsogolo, kumene liu la mtsogoleri liphimba zonse. Akhale kumbuyo pafupi ndi khomo, pamene pakhala amai oyamwitsa, ndi nkhalamba zofika mochedwa chifukwa cha kutalika kwa njira, ndi anyamata amanyazi. Iwowo akatsegula pakamwa naimba, mtsogoleriyo wakhoza, lingakhale liu lache nlosasa. Akangopenya ndi kugwedeza mitu, walephera, angakhale aimbe ngati wa pa wailesi. Pakuti anaikidwa pamenepo kuti mpingo uimbe.

Udindo umenewu sunadze ndi Azungu. Pamtondo mai mmodzi aponya mzere, anzache nabvomera, minsi nigunda pa nthawi yache. Asodzi a pa Chilwa ndi pa Chiuta atero pokoka khoka. Manganje a Ayao ndi tchopa wa Alomwe ayenda m'njira yomweyo. Luso la woyambitsa wa kumudzi liri pa kudziwa posiyira. Aimba mau owerengeka, nasiya mpata, ndipo mpatawo ngwa anthu; akachedwa kuusiya nyimbo ifa, akafulumira anthu asokonezeka. Palibe anampatsa kalata ya sukulu, koma mudzi wonse udziwa kuti uje akayamba nyimbo igwira moto, uje akayamba izima. M'Malembo tipeza zomwezo. Miriamu anatsogolera akazi ndi lingaka m'dzanja lache, Aisrayeli ataoloka nyanja. Ndipo Salmo 136 liri ndi ndime 26, iri yonse yotsiriza ndi mau amodzimodzi, kotero kuti ali yense aona kuti linapangidwa kuti mmodzi ayambe, khamu libvomere.

Amishoni a ku Scotland, amene anafika ku Blantyre m'chaka cha 1876, natsegula Domasi m'chaka cha 1884 ndi dzanja la Alexander Hetherwick, anadza nao mwambo wofanana pang'ono ndi wathuwu. Kwao, kwa zaka zoposa mazana awiri, m'machalichi a Chipresbiterio munalibe limba. Munthu mmodzi anaima pansi pa gome la mlaliki nayamba salmo, anthu natsata. Buku lao la dongosolo la mapemphero la 1645 linalangiza kuti, kumene ambiri sadziwa kuwerenga, munthu woyenera awerenge mzere uli wonse usanaimbidwe. Ndipo mwambo umenewu umveka kufikira lero pa chisumbu cha Lewis. Chotero woyambitsa wao anali mtumiki wa osaphunzira, monganso wathu. Chatsopano chimene anatibweretsera ndicho solofa, malembo aja d r m f s l t, amene John Curwen anawakonza m'zaka za m'ma 1840 pomanga pa nchito ya Sarah Glover. Ndi choko ndi bolodi zokha, mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi anakhoza kuphunzira nyimbo imene sanaimvepo, naiphunzitsa ana m'kati mwa sabata. Pofika Lamulungu theka la mpingo linali litaidziwa kale, ndipo makolo anaitola kwa ana ao. Pamenepa ndipo panagona mphamvu ya kuimba kwa makolo athu. Lero nchito imeneyi yachoka m'manja mwa sukulu, ndipo m'mipingo yambiri palibe amene anaitola.

Tsono tiyang'ane chuma chimene woyambitsa nyimbo achigwira m'manja. Kwa a CCAP, ndi mipingo yina imene ibwereka kwa iwo, ndilo buku la Nyimbo za Mulungu. Buku limeneli tilichitira ulemu, ndipo wonena kuti latha nchito sanaliwerenge. Muli chiphunzitso chokwanira, kuyambira kulengedwa kwa dziko ndi kubadwa kwa Ambuye, kufikira mtanda, kuuka kwa akufa, kulapa, mgonero, ukwati ndi imfa. Munthu wosadziwa lembo, amene anaimba nyimbozi zaka makumi anai, ali nacho chikhulupiriro chonse m'mutu mwache, choikidwa m'ndime zosaiwalika. Ndiponso lilumikiza mipingo yotalikirana, pakuti Mkristu wa ku Ntaja akafika ku Nkhoma apeza nambala yomweyo ndi mau omwewo, ndipo sakhalanso mlendo.

Koma tisabise chirema chache. Nyimbo zambiri za m'menemo zinabadwira m'Chingerezi, zina ku Scotland ndi ku England, zina m'buku la Ira Sankey wa ku America limene linayamba kuturuka m'chaka cha 1873. Omasulira anasunga maimbidwe a kwao, nakakamiza mau athu kulowamo, monga phazi lalikuru mu nsapato yaing'ono. Chichewa chiri ndi lamulo lache: liu lilemera ndi kutalika pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tinena Mu-LU-ngu, chi-KO-ndi, mte-NDE-re. Chingerezi chikonda kutsiriza mzere ndi liu lalifupi lolemera, ndipo woimba wa kwao akhalitsa pamenepo. Mukathira mau athu m'chikombole chimenecho, kulemera kugwera pa phatikizo lomariza, ndipo tiimba Mulu-NGU, chiko-NDI, monga mlendo amene anayamba dzulo kuphunzira chinenero. Pofuna kuti maphatikizo akwane, omasulira anadulanso malembo. Ndimo munachokera M'lungu m'malo mwa Mulungu, ndi mau ena odulidwa mutu kapena mchira, amene palibe awalankhula pabwalo. Pali ndi china. M'chinenero chathu kukwera ndi kutsika kwa liu kusiyanitsa tanthauzo, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la thupi ndi khungu la wosaona. Maimbidwe a ku Ulaya sadziwa zimenezi. Akwera pamene ife titsika, natsika pamene ife tikwera. Amene anakulira m'chalichi amva ndithu, pakuti anazolowera. Koma mwana ndi wobwera chatsopano amva phokoso lokoma lopanda nkhani.

Omasulirawo sitiwadzudzula, popeza anagwira nchito ndi zipangizo zimene anali nazo. Amene timfunsa ndiye woyambitsa nyimbo wa lero, chifukwa chirema cha buku chichepa kapena chikula m'manja mwache. Akaikoka nyimbo monga ng'ombe yotopa ikoka ngolo, phatikizo liri lonse litalika kufikira anthu apuma mpweya pakati pa liu limodzi, ndipo tanthauzo lotsalalo litayika. Chizolowezi chimenechi cha kukoka ambiri achiyesa ulemu; ife tichiyesa kufooka kwa mtsogoleri amene waleka kuti mpingo umtsogolere iye. Wina pakumva ichi athamangitsa nyimbo ya za mtanda ngati ya pa ukwati, ndipo kumeneko ndi kulakwa komweko kobvala malaya ena. Liwiro loyenera lituruka m'mau: munthu awerenge mzere mokweza, monga alankhula ndi mkuru wache, ndipo poimba asapatuke kutali ndi pamenepo. Chifukwa chache tiyamika abusa ndi akuru amene asunga mwambo wa kuwerenga ndime yoyamba mpingo usanaimirire. Pakuti anthu akamva mau ali m'maonekedwe ao eni eni, awazindikira ngakhale nyimbo itawapotoza.

Nanga za poyambira? Mnyamata wa liu lakuthwa ayamba nyimbo pamwamba pamene pamkomera iye. Pofika mzere wachitatu, pamene nyimbo ikwera, amuna aleka, amai achikulire atsamwa, natsala iye ndi anzache awiri. Woyambitsa wanzeru ayamba waiimba nyimbo yonse mumtima, napeza pamene ikwera koposa, naika pamenepo pofikira munthu wamba. Nzeru imeneyi njaing'ono, koma mapemphero ambiri apunduka chifukwa cha kuisowa. John Wesley, m'malangizo ache a kaimbidwe a m'chaka cha 1761, anauza anthu ache kuti aimbe onse, asapfuule kuposa anzao, asathamange kutsogolo kapena kutsalira m'mbuyo. Analembera mpingo, koma mpingo sukhoza kusunga ndi limodzi lomwe la malangizo amenewa ngati woyambitsa wauikira nyimbo pamene sufika.

Kumpoto kwa dziko lino kunayesedwa njira yina. Donald Fraser, amene anakhala ku Loudon, ndiko ku Embangweni, kuyambira m'chaka cha 1902, analimbikitsa Akristu a Chingoni ndi a Chitumbuka kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo ao. Ndipo kunaturuka opeka monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula. M'nyimbo zao mau ndi maimbidwe zinabadwa tsiku limodzi, chotero sizilimbana, ndipo zambiri nza mmodzi kuyamba, onse kubvomera. Pambuyo pache mmishoni wina, Tom Colvin, anaika zina za nyimbo za dziko lino m'Chingerezi, ndipo zilipo zimene zinalowa m'buku la nyimbo la mpingo wa ku Scotland la 2005. Adzukulu a amene anatiphunzitsa solofa aimba maimbidwe athu, pamene ife tikali kukayika ngati ayenera m'nyumba ya Mulungu.

Kwa abale athu Akatolika mlandu unali wina. Ansembe a Montfort, amene anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, natsegula Utale m'chaka cha 1908, anachita Misa m'Chilatini, monga linali lamulo la mpingo wao pa dziko lonse. Msonkhano waukuru wa ku Vatican, m'chikalata chache cha za mapemphero cha 1963, unatsegula khomo. Unalola zinenero za anthu. Unati maimbidwe a mitundu ya anthu alemekezedwe m'maiko a mishoni. Ndipo unati makwaya alimbikitsidwe, komatu khamu lonse likhale nalo gawo lache loimba. Ng'oma ndi chisekese zinalowa m'chalichi. Ndipo pa parishi ya Balaka, m'chaka cha 1978, anyamata otsogozedwa ndi Paul Banda, mothandizidwa ndi wansembe wa ku Italy, Bambo Mario Pacifici, anayamba gulu la Alleluya Band. Mng'ono wache, Lucius Banda, amene anamwalira m'chaka cha 2024, anakulira momwemo pamodzi ndi oimba ena ambiri. Ndipo m'zaka za m'ma 1990 maimbidwe a ku Balaka anamveka m'nyumba ndi m'mabasi m'dziko lonse.

Ulemu wa anthu amenewa ngwaukuru, ndipo ife a chigawo chino tiyenera kuunyadira. Anaonetsa kuti mau a Chichewa akhoza kukhala pa gitala osapunduka, ndi kuti mwana wa m'mudzi, akapatsidwa chipangizo ndi womphunzitsa, afika patali. Koma nchito ya gulu loimba pa bwalo ndi pa kaseti isiyana ndi nchito ya woyambitsa nyimbo, ndipo kusiyanaku ambiri sanakuone. Nyimbo ya pa kaseti ipangidwira khutu. Iri ndi chiyambi cha zoimbira zokha; pakati pache gitala alira yekha; mtsogoleri akhotetsa liu monga afuna, ndipo womvera akondwa ndi kukhotako chifukwa iye sangakuchite. Nyimbo ya mpingo ipangidwira pakamwa pa anthu mazana awiri amene sanakonzekere. Iyenera kukhala ndi khomo loonekera lolowerapo, ndi njira yoongoka imene munthu aidziwa atamva kawiri. Cholakwa sitichiika pa a ku Balaka, amene anachita bwino nchito yao. Chiri pa otsanza, amene anatola zoimbira ndi kakhotedwe ka liu, nalowa nazo m'mapemphero, osafunsa ngati agogo a pa mkeka wa kumbuyo apeza polowera.

Tinenepo za kiyibodi, pakuti yafika ndi m'midzi momwe mulibe magetsi, yoyendera batire ndi sola. M'kati mwache muli ng'oma yolira yokha, ndipo ng'oma imeneyo iribe makutu. Mnyamata woomba ng'oma ndi manja amva mpingo. Ukalemedwa aukoka pang'ono pang'ono, ukafika pa mau achisoni afewetsa dzanja, pakutha pa ndime adikira kuti anthu apume. Makina sadikira munthu. Ayamba pa liwiro limene chala chinatchera, natha pomwepo, ndipo wotsalira watsalira. Ndiponso woimba kiyibodi wosaphunzira bwino adziwa poyambira pawiri kapena patatu pokha, chotero nyimbo iri yonse aiika pamene zala zache zizolowera, ngakhale mau a anthu safikapo. Kumene kiyibodi zambiri ziri ndi kabatani kokweza kapena kutsitsa nyimbo yonse, kamene akadakaphunzira tsiku limodzi. Za masipika mlandu uli poyera: munthu amene samva liu lache, kapena la mnzache wokhala naye pafupi, aleka kuimba. Akuru anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika; koma pano chiyamba kung'ambika ndicho chizolowezi cha anthu cha kutsegula pakamwa. Woyambitsa wodziwa nchito aimba mzere woyamba pa maikolofoni, naichotsa pakamwa, kuti mpingo udzimve wokha. Ndipo pa ndime imodzi auza oimba zoimbira akhale chete. Batire ikatha pakati pa nyimbo ndi pamene zonse zioneka. M'chalichi china anthu apitiriza ndi mphamvu yoposa, monga madzi otsegulidwa. M'china mugwa bata lochititsa manyazi, chifukwa nyimboyo sinali m'kamwa mwao chiyambire. Ndipo kumbukirani kuti zipangizo zimenezi zinagulidwa ndi chimanga, nandolo ndi mpunga wa masika wa anthu omwewo amene zawatseka pakamwa.

Za makwaya tinene mwachilungamo. Ndiwo asunga achinyamata m'chalichi pa msinkhu umene ambiri atayika. Ndiwo apeka nyimbo zatsopano m'chinenero chathu. Ndipo nkhani zambiri za m'Baibulo anthu anazimva koyamba kwa kwaya. Malembo omwe sadana ndi luso. Buku loyamba la Mbiri litiuza za oimba 288 ophunzitsidwa, a m'nyumba za Asafu, Hemani ndi Yedutuni, ndi za Kenaniya, amene anaikidwa kuyang'anira nyimbo chifukwa anali waluso. Wonena kuti kuimba kuli konse nkwabwino, bola mtima, abisa ulesi wache. Koma taonani chimene chichitika Lamulungu. Makwaya anai aimba, iri yonse nyimbo ziwiri, dzuwa lakwera, wotsogolera mapemphero ayang'ana wochi, nalengeza kuti pa nyimbo ya mpingo tiimbe ndime yoyamba ndi yomariza yokha. Chodulidwa nthawi zonse ndi gawo la anthu. Komatu nyimbo ya ndime zisanu iri ngati ulendo: iyamba pa tchimo, ipyola pa mtanda, nifika pa chiyembekezo, mukachotsa za pakati mwatsala ndi ponyamukira ndi pofikira popanda njira. Ngozi imeneyi si yatsopano. Msonkhano wa mabishopu wa ku Laodicea, m'zaka za m'ma 300, unalamula kuti m'chalichi aziimba okhawo oikidwa pa udindo wa kuimba. Ndipo ku Ulaya liu la anthu wamba linanka lichepa, kufikira Martin Luther ndi anzache anaturutsa mabuku a nyimbo m'Chijeremani m'chaka cha 1524. Ife palibe anatilembera lamulo lotere. Tiri kulowamo tokha mwa chizolowezi.

Mankhwala ache sakhala kutali. Mwa nyimbo ziwiri za kwaya, imodzi ikhale ndi pobvomera pa onse. Pa nyimbo ya m'buku a kwaya asapumule ndi kunong'onezana, monga achita ena, ngati kuti gawo lao latha. Ndiyo nthawi imene afunika koposa. Amai a Mvano atiphunzitsa ichi popanda kuchilemba: mmodzi wa iwo akayamba nyimbo ali pa malo pache pakati pa anzache, osaima kutsogolo konse, chalichi chonse chidzuka, ndipo palibe afunsa kuti anayamba ndani.

Ena ayankha kuti mankhwala alipo kale, ndiwo makolasi, tinyimbo tatifupi tosafuna buku. Nzoona kuti makolasi anabweza m'chalichi mwambo wa kuyamba ndi kubvomera, ndipo wosawerenga ndi mwana alowamo msanga; pa ichi tiwalandira. Koma nyimbo imodzi sachezera gule. Mzere umodzi wobwerezedwa theka la ora utenthetsa thupi, koma sukhoza kusenza kulapa, kapena kulira kwa wofedwa, kapena chiphunzitso cha mgonero. Mpingo wodyetsedwa makolasi okha ufanana ndi mwana wokhuta misale. Ndipo pali mtundu wa mtsogoleri umene makolasi abala, amene salola nyimbo iyende yokha, koma alankhula pamwamba pache kosaleka, nalamula anthu kukweza manja, kupfuula, kulumpha, ndipo akaona kuti afooka awakalipira nati, kodi simunadye? Ena mwa iwo sanadyedi, ndipo anadza kudzatonthozedwa. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika, analemba cha m'ma 400 kuti nyimbo za m'chalichi zinamliritsa misozi ndi kumthandiza, komanso kuti anaopa pamene maimbidwe anamgwira mtima koposa mau oimbidwawo. Woyambitsa nyimbo adzifunse chimene anthu anka nacho kunyumba. Akadapita kwa mlaliki Loweruka kukafunsa mau amene adzawerengedwa, nasankha nyimbo zoyenda nao, ulaliki ukadatsala m'kamwa mwa anthu sabata yonse, pa munda ndi pa chitsime.

Kuno kwathu pali ndi mlandu wa chinenero. M'midzi ya kwa Kawinga, kwa Nyambi ndi kwa Liwonde anthu ambiri alankhula Chiyao kunyumba. Hetherwick anachidziwa ichi; anaphunzira Chiyao, naturutsa buku lochiphunzitsa m'chaka cha 1889, namasulira Chipangano Chatsopano. Koma m'mipingo yambiri kuimba kwa Lamulungu kuli m'Chichewa chokha, ndipo makono kwaonjezeka makolasi a Chingerezi, amene oimba omwe ena samva tanthauzo lache. Mkristu wa Chiyao kawiri kawiri akhala pakati pa abale ache a Chisilamu. Iwowa akadza ku ukwati kapena ku maliro ache, osamva ndi liu limodzi lomwe la chinenero chao, abwerera ndi maganizo akuti Chikristu ncha mtundu wina. Woyambitsa amene asunga nyimbo zitatu kapena zinai za Chiyao, ndi ya Chilomwe kumene kuli akuru ochikumbukira, achita nchito imene ulaliki wautali suichita. Ndipo popeza tatchula anansi athu, tisachite manyazi kuphunzira kwa iwo. Pa sikiri palibe choimbira chiri chonse. Mtsogoleri aponya mau pamwamba, bwalo lonse libvomera ndi mpweya wa m'chifuwa, ndipo palibe woima padera kuonerera. Za chiphunzitso tisiyana nao, koma luso la kuimbitsa khamu ali nalo.

Mayeso akuru a nchito yonseyi ali pa maliro. Pa siwa usiku palibe kiyibodi, ndipo buku siliwerengeka pa kuwala kwa moto. Kuyambira madzulo kufikira tambala woyamba mpingo uimba zokhazo ziri m'mutu mwache. Penyani amene asenza usiku umenewo lero: ndiwo amai a zaka makumi asanu ndi kuposa, amene anakula pamene mpingo unaimba ndime zonse. Achinyamata adziwa nyimbo za kwaya yao, koma zimenezo zifuna mau anai okwanira, ndipo awiri akasowa siziyenda. Pa ulendo wa kumanda pafunikanso luso lina: mzere wa anthu utalika, a kutsogolo ndi a kumbuyo samvana, ndipo popanda woyambitsa wachiwiri pakati nyimbo iduka pawiri. Ndani ali kuphunzira zimenezi? Amai amenewa akapita, adzawaimbira ndani?

Chifukwa chache tipempha mabwalo a akuru a mpingo ndi makhonsolo a maparishi kuti woyambitsa nyimbo asankhidwe ndi kulingalira komwe asankha nako msungichuma, osati kungosiyira amene wafulumira kugwira maikolofoni. Ndipo apatsidwe wachinyamata womtsata, mwamuna kapena mkazi, amene adzakhala pa mapazi a amai aja usiku wa pa siwa. Alembe nyimbo makumi atatu zimene mpingo udzaimba zathunthu, ndime zonse, m'kati mwa chaka, ndipo imodzi yatsopano aiphunzitse mwezi uli wonse mapemphero asanayambe, pamene anthu ali kusonkhana. Mwa makumi atatuwo khumi zikhale za pa maliro, zoimbidwa Lamulungu wamba pamene palibe wamwalira, kuti ana azimve ndi kuzigwira usanafike usiku wozifuna.